Nyumba Imene Wandikonzera, Inonge

Inonge mwananga,

Wapita kukalukitsa tsitsi kumsika wa Maramba, ndipo ndikudziwa kuti atsikana a kumeneko sakumasula msanga, choncho masana ano ndi anga. Ndang'amba mapepala otsala m'kope lako lakale la masamu. Kalatayi ndiisiya pamwamba pa sutikesi yako kuti uiwerenge ukangolowa, osati mawa m'basi ya ku Kitwe, chifukwa muli chinthu chimene ndikufuna uchite dzuwa lisanalowe. Udabwa kuti ndikukulemberanji tili m'nyumba imodzi. Ndayesa kulankhula nawe masiku onsewa. Ndikati khala pansi umakhaladi, koma maso ako amakhala pa chitseko kapena pa shelefu, kenako umadzuka n'kutenga tepi yako yoyezera. N'kovuta kuuza zakukhosi mwana amene akukuyeza chigongono.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndakondwa, usaganize kuti ndikukudzudzula. Mwana wa mayi wopuwala miyendo, wogulitsa tinsomba ta kapenta, akukaphunzira uinjiniya ku Kitwe, ndipo akuti adzapanga zipangizo zothandiza olumala. Kutchalitchi ndanena mpaka anthu atopa nane. Bambo ako akanakhala moyo akanayenda komboni yathu yonse ya Malota akuuza ngakhale agalu. Pita, mwananga, ndipo usadzabwerere pakati pa temu chifukwa cha ine. Ukadzatero ndidzakubweza pa basi yomwe wabwerera.

Koma mawa ukachoka nditsala ndekha m'nyumba muno, ndipo chibadwire sindinakhalepo ndekha. Kwathu ku Katete tinkagona mothithikana, kuno ndinakhala ndi azakhali, kenako bambo ako, kenako iwe. Ndili ndi mantha, ndikuuze mosabisa. Sindikuopa kugwa, ndagwa kambirimbiri ndipo pansi ndi kwathu. Sindikuopa njala. Ndikuopa tsiku loti dzuwa lituluke mpaka kulowa popanda munthu wogogoda pachitseko. Ndipo iwe, ndi chikondi chako chonse, wakhala ukukonza nyumbayi kuti zikhaledi choncho. Werenga mpaka kumapeto usanakwiye.

Unali usanayambe sukulu pamene kunabwera ophunzira a uinjiniya, ana onga mmene ukakhalire iweyo. Anadzera kutchalitchi, anyamata ndi atsikana aulemu kwambiri, mmodzi mpaka anagwada pondipatsa moni. Anandiyeza, anandifunsa kumene ndimapita, ine ndinati kumsika, kutchalitchi ndi kukiliniki. Anabwerera kusukulu kwawo, ndipo patapita miyezi anandibweretsera njinga yopalasa ndi manja. Inali njinga yabwino, usamve wina akunena zina. Anali ataona mchenga wa kuno, choncho anaikako matayala aakulu osatitimira, ndiponso anaikweza m'mwamba kuti matope a dzinja asandifike. Kufikira nthawi imeneyo ndinkayenda chokwawa, nditavala mapatapata m'manja, ndipo nkhope za anthu ndinkazionera pansi. Tsiku loyamba ndinapalasa mpaka m'tauni, ndinafika ku Mukuni Park n'kumayang'ana ziboliboli ngati mlendo wotsika m'ndege. Ndinabwerako manja atatupa, koma ndikuimba.

Kenako anamwalira amuna awo a amake Mwiya, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafeyu. Ukudziwa mmene timakhalira pamaliro. Azibambo amakhala panja pamipando, ife akazi m'nyumba, pansi, miyendo yotambasula, phewa kugunda phewa. Pamaliro m'pamene ine ndinkafanana ndi mkazi wina aliyense, chifukwa tonse tili pansi ndipo palibe amene akuyenda. Tsikulo ndinapita pa njinga yanga. Pakhomo sinalowe, inali yotambalala. Kutsika ndekha sindikanatha, inali yaitali, pankafunika anthu onditsitsa. Ndipo anthu, poona chinthu chatsopano chonyezimira, anachichitira ulemu. Mkulu wina wa mpingo anandiletsa kutsika, n'kundiuza mokoma mtima kuti, “Osaseluka, bamake Inonge, muzankala na doti. Nkalani chabe apa pa mutunzi.” Anandikankhira pansi pa mtengo wa mango pakati pa azibambo, ndipo iwo anasiya nkhani zawo chifukwa panafika mkazi. Ndinakhala pamenepo mpaka madzulo. Ndinkamva mnzanga akulira kuseri kwa khoma koma sindikanatha kumugwira dzanja. Nyimbo zimene ndimatsogolera ine ankaziyambitsa wina, ndipo ankaziyamba motsika kwambiri moti anthu ankalephera kuzinyamula. Sindinasungulumwepo chotero ndili pakati pa anthu.

Ana aja sanalakwe, Inonge. Atandifunsa kumene ndimapita sindinatchule maliro, nanga ndani amatchula maliro kwa alendo? Ndipo atabweranso kudzaona mmene njinga ikuyendera, ndinaitsuka, ndinavala chitenje chatsopano, n'kukhalapo ndikumwetulira. Anafunsa ngati pali vuto, ine ndinati palibe, Mulungu akudalitseni. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, n'kutseka pakamwa. Anapita osangalala, ndipo mwina anakapangira amayi enanso njinga zazitali zomwezo. Kuyambira pamenepo kukagwa maliro njinga ndimaisiya pakhonde n'kutenga mapatapata anga. Iwe unkaganiza kuti ndimaopa akuba.

Ndiye tamvera, mwananga. Ukakapanga chinthu n'kupatsa munthu wonga ine, usakakhulupirire zikomo wake. Zikomo tili naye wambiri, timapereka ngakhale kwa amene watiponda chala. Ukakhale pansi pomwe iye amakhala, ukamufunse za maliro, za ukwati, za amene amakhala naye pafupi kutchalitchi. Ukabwererenso tsiku limene sakukuyembekeza, ukaone ngati chinthu chako chili ndi fumbi kapena nkhuku zikuikirapo mazira.

Za bambo ako ndinakuuzapo kuti tinakumana kumsika, koma sindinakuuze zonse. Ndinkagulitsa kapenta ku Maramba nditakhala pa saka, ndipo mvula ikayamba sindinkatha kukoka pulasitiki yophimbira imene inali pamwamba pa mitengo. Tsiku lina anali akugula pa ine mvula itayamba kuwaza, anangotambasula dzanja n'kuikoka. Kuyambira pamenepo mitambo ikangoda, ndinkawaona akubwera chothamanga kuchokera kokwerera minibasi, munthu wamtali wa mtundu wa Alozi, wa Chinyanja chothyokathyoka. Tsiku lina anafika kumwamba kuli mbee, n'kunena kuti amva bingu chakumtsinje. Ndinawauza kuti amenewo ndi mathithi, amalira choncho chaka ndi chaka madzi akachuluka, ndipo munthu wokulira m'mbali mwa Zambezi ayenera kudziwa. Anangoseka n'kukhala pansi pambali panga. Ndinali nditaganiza kale zomanga chingwe ku pulasitikiyo kuti ndizikoka ndekha, ndipo chingwecho ndinali nacho m'thumba, koma sindinamange. Ukanakhalapo iwe ndi tepi yako ukanandimangira tsiku lomwelo, ndipo sukanabadwa.

Kumbukira zimenezi, Inonge. Thandizo silibwera lokha, limabwera ndi munthu, ndipo nthawi zina munthuyo ndi amene timafuna kuposa thandizolo.

Tsopano ndifike pa paipi yako ya madzi, imene unalandira nayo mphoto kusukulu. Bambo ako atamwalira, amake Mwiya anayamba kundibweretsera madzi m'mawa uliwonse kuchokera pampopi wa tonse uja. Iwe unkakhala utapita kusukulu, sunkaona zimene zinkachitika. Ankatula ndowa, n'kunena kuti akufulumira, kenako ankakhala pansi n'kumwa tiyi wanga wothira shuga ngati alibe mano oti awole. Tinkakangana za ndale, za kwaya, za mpongozi wawo amene saphika ndiwo zokoma. Nthawi zina tinkangokhala chete, akazi awiri amasiye, aliyense akuganiza zake. Iwe unaona mayi wachikulire akuvutika ndi ndowa chifukwa cha mayi ako, ndipo zinakupweteka. Unakumba ngalande ndi manja ako, unaika paipi ndi dilamu, ndi kampopi kotsika kofika ine nditakhala. Ndinakunyadira, ndipo mpaka lero m'mwezi wotentha ndimakudalitsa ndikamasamba nthawi imene ndafuna.

M'mawa mwake amake Mwiya anabwera ndi ndowa yawo pamutu monga mwa masiku onse. Anaima, anayang'ana kampopi kako kakudontha, n'kunena kuti, “Kanshi manzi yafika. Mwana uyu ali na nzelu.” Madzi a m'ndowa yawo anawathira pa maluwa. Kwa kanthawi anapitiriza kubwera chimanjamanja, koma ankaima pachipata, ndikawaitanira tiyi ankati amwa kale. Ukuwadziwa anthu a kuno. Munthu sapita kunyumba ya mnzake tsiku ndi tsiku popanda chimene watengera, amaopa kuti anthu anena kuti akutsata shuga. Ndowa ija inali chifukwa chawo chobwerera, ndipo inalinso chifukwa changa chowapatsira tiyi osaoneka ngati ndikuwamvera chisoni. Masiku ano timapatsana moni kudzera pa mpanda. Sitinayambane, timakondanabe, koma sindikumbukira tsiku lomaliza limene anakhala pansi m'nyumba muno. Sindinakuuze chifukwa unali wokondwa, ndipo madzulo aliwonse unkabwera iweyo, nyumba n'kudzaza.

Usandimve molakwa, mwananga, sindikuti uleke kupanga zinthu. Zitsulo zogwirira zimene unaika m'chimbudzi, zimenezo Mulungu akudalitse mpaka kwa adzukulu ako. Pali thandizo limene limavula munthu ulemu, loti ngakhale wokuthandizayo akhale mwana wako umayang'ana kumbali. Limenelo lichotse kulikonse kumene ukalipeze, usakachite kufunsa kawiri. Ndipo alipo ena amene atopa ndi anthu, amene achibale amawathandiza mowerengera n'kumawakumbutsa. Amenewo ukawapangira chinthu choti azichita okha, wawatulutsa m'ndende. Koma sungadziwe kuti uyu ndi uti pongomuyeza miyendo. Ukamufunse kuti pakali pano amakuchitirani zimenezi ndani, ndipo kodi mukufuna asiye kubwera. Ukafunsa, ukakhale chete nthawi yaitali, chifukwa yankho loyamba limakhala la ulemu chabe.

Anzako a kusukulu akakhala anzeru, ena kuposa iwe, ndipo zimenezo zisakakudwalitse. Mukakakhala pagulu kukonza chipangizo, padzakhala wina wofuna kuti chikhale chokongola pa chithunzi. Usakakangane naye kwambiri, ungomutenga mukacheze kwa munthu amene adzachigwiritse ntchito, mukadye kumeneko. Usakayambe chiganizo chilichonse ndi mawu akuti mayi anga, anthu adzatopa nawe, ndiponso ine sindine olumala onse. Wosaona ali ndi zake, wosamva ali ndi zake, ndipo ngakhale mayi wina wa poliyo ngati ine akhoza kudana ndi tiyi ndi alendo omwe. Uzidya, Inonge, chifukwa ukagwira sipanala umaiwala kuti uli ndi mimba. Ku Kitwe kumazizira kuposa kuno, juzi ya bambo ako ndaiika pansi pa sutikesi, usaichotse poganiza kuti ndi yachikale. Za anyamata sindinena zambiri. Ungoona amene amabwera ngakhale palibe chimene chawonongeka.

Masabata apitawa ndakhala ndikukuyang'ana ukugwira ntchito ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Watsitsa mashelefu, watsitsa waya woyanikapo zovala, wathira simenti pakhomo kuti njinga izikwera yokha. Wandipangira ndodo ya ngowe yotsekulira mawindo. Pa foni waika kuti ndikangodina pamodzi ndikupeze. Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Ukuona ngati ukundithawa, ndipo ukufuna kulipira ndi misomali. Palibe chimene walakwa, mwananga, ana amapita, ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma chilichonse chimene watsitsa chachotsa munthu mmodzi pakhomo pano. Zovala ankandiyanikira mtsikana wa kuseri uja popita kukagulitsa, ndipo ankandiuza nkhani zonse za mu Malota, zoona ndi zabodza zomwe. Chitsitsire waya sindinamuonenso. Foni ndiyabwino, ndidzakuimbira, koma singakhale pa mphasa n'kudandaula kuti tiyi wachepa shuga.

Dzulo ndinali pawindo pamene unkatsazika amake Mwiya pa mpanda. Sunadziwe kuti ndikumva. Unawauza mokondwa kuti, “Bamake Mwiya, osavutika na ba mami. Nabakonzela vonse, manje bazakwanisa beka.” Iwo anati, “Iyo ni bwino, mwana wanga. Uyende bwino.” Ndinamva mapatapata awo akulowera kunyumba kwawo. Unanena zoona, ndikwanitsa ndekha, ndipo unanena pofuna kunditeteza kuti ndisaoneke wopemphapempha. Koma chimene anamva iwo n'chakuti pakhomo pano safunikanso. Ndinalira, Inonge, ndipo utalowa ndinakuuza kuti ndi utsi wa mbaula.

Kutsazika kwa mwana amene akusiya kholo sikukhala kotero. Kwathu ku Katete, ngakhale kwa abambo ako ku Senanga, mwana wopita kutali salankhulira pa mpanda ataimirira. Amalowa m'nyumba ya mnansi, amakhala pansi, n'kunena kuti ndikupita, mayi anga ndawasiya m'manja mwanu. Amanena choncho ngakhale mayiyo ali ndi miyendo yonse ndipo amalima munda wake yekha. Sikuti kholo lalephera ayi. Mawu amenewo amapatsa mnansi chilolezo cholowa osagogoda kawiri, chofunsa ngati wadya, chokalipa ukadwala osanena. Akapanda kupemphedwa amaopa kulowerera za eni. Iwe wakulira m'tauni, ndipo ine ndi amene ndinayenera kukuphunzitsa, koma sitinakhalepo ndi wopita kutali m'nyumba muno kufikira lero.

Ndiye chimene ndikupempha ndi ichi. Ukawerenga kalatayi, usabwere kudzandipepesa, ndipo usatenge tepi. Vala chitenje pamwamba pa thalauzi lakolo, upite kwa amake Mwiya kusanade. Ukalowe m'nyumba, ukagwade, ukaombe m'manja monga amachitira a kwa bambo ako, iwo ndi a komweko adzamva. Ukawauze kuti dzulo unalankhula mwachibwana. Ukawauze kuti mayi ako ukuwasiya m'manja mwawo. Kenako ukawapemphe ntchito imodzi yeniyeni, chifukwa mawu okha adzavomera mwaulemu koma sadzabwera. Ukawauze kuti mayi ako satha kutulutsa mbaula panja m'mawa ndi kuilowetsa madzulo, ndipo ukuopa kuti adzadzitentha.

Ndikudziwa chimene ukuganiza pofika pamenepa. Ukuganiza za kangolo ka mbaula kamene kali pakhonde, kamene wakhala ukumanga kuyambira dzana kuti ndizikoka mbaula ndekha, ndipo wati ukamaliza usiku uno ukapeza timatayala take. Ndakaona, n'kabwino, ndipo ndikudziwa kuti kakhoza kugwira ntchito, zako zonse zimagwira. Usakamalize, mwananga. Ndi ntchito yokhayo imene yatsala m'nyumba muno yofuna munthu wina, ndipo mbaula ikayaka pamakhala tiyi. Undisiyire imeneyo.

Timatayala timene wakhala ukufuna kuyambira m'mawa, mpaka kukalipira ana a anthu kuti aba, sitinabedwe. Ndatikhalira ine, tili pansi pa khushoni ya mpando uno, ndipo tikundipweteka. Ukapita kwa amake Mwiya n'kubwerako uli ndi mtima womwewo wofuna kumaliza kangolo kako, sindikuletsa, bwera udzatitenge. Koma udzachita kundinyamula ndi manja ako kundichotsa pampando, ndipo sindidzagwiritsa thabwa lotsetserekera limene unandipangira mwezi watha. Thabwalo ndi labwino, ndimachoka nalo pabedi kupita pampando popanda kudzutsa munthu. Koma chilipangire, palibe amene wandigwirapo, Inonge, ngakhale iwe.

Ndine mayi ako, amene ndili m'chipinda chinachi ndipo ndikumva ukatsegula chitseko.